Mtsempha wa kunkhope ukavulala, maselo othandizira amatani? Mafunso ndi mayankho

Munthu amene anazulitsa dzino miyezi inayi yapitayo, bala linapola bwinobwino, koma mlomo wam'munsi ukumuotchabe ngati wapakidwa tsabola, sachedwa kuuzidwa kuti ndi maganizo chabe. Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa ululu wake uli ndi gwero lenileni m'thupi, ndipo mbali ina ya gwerolo ndi timaselo tating'ono tomwe kwa zaka zambiri tinkaonedwa ngati topanda ntchito. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene odwala, achibale awo komanso ophunzira zaumoyo amafunsa mobwerezabwereza. Mawu oti mtsempha pano akutanthauza mtsempha wonyamula uthenga, osati wa magazi.

Mukati mtsempha wa kunkhope, mukunena uti?

Ilipo iwiri, ndipo anthu amaisokoneza kawirikawiri. Pa mitsempha 12 yomwe imatuluka mu ubongo mbali iliyonse ya mutu, wachisanu, wotchedwa trigeminal, ndi umene umatichititsa kumva pankhope: kukhudzidwa, kuzizira, kutentha ndi kuwawa. Uli ndi nthambi zitatu. Yoyamba imapita kudiso ndi pamphumi, yachiwiri kutsaya, m'mbali mwa mphuno, mlomo wapamwamba ndi mano am'mwamba, yachitatu kunsagwada, mano am'munsi, mlomo wam'munsi ndi lilime.

Wachisanu ndi chiwiri, womwe m'mabuku umatchedwa facial, ntchito yake yaikulu ndi kuyendetsa minofu yomwe timamwetulira, kutsinzinira ndi kukwinyira nkhope. Uli ndi kagawo kakang'ono ka kumva: kukoma kwa chakudya kutsogolo kwa lilime ndiponso khungu la mbali ina ya khutu. Zambiri zimene zikudziwika za maselo othandizira zinapezeka pa trigeminal, choncho mayankho ambiri akukamba za umenewo. Za facial zili pa funso la nkhope yopotoka.

Nanga ganglion ndi chiyani, ndipo ili pati?

Taganizani za mfundo pachingwe. Selo la mtsempha, lomwe limatchedwa nyuroni, lili ndi thupi lake komanso kaulusi katali kwambiri. Kaulusiko ndi kamene kamafika ku dzino kapena kukhungu, koma matupi a manyuroni onse a mtsempha umodzi amaunjikana malo amodzi, n'kupanga kachotupa kachibadwa. Mfundo imeneyo ndiyo ganglion.

Ya trigeminal ndi yophwatalala, yokhota ngati mwezi wongooneka kumene, kukula kwake ngati nyemba yaikulu. Imakhala pansi pa chigaza, mkati ndithu, cha kutsogolo kwa khutu, m'kathumba kotchedwa phanga la Meckel. Ena amaitcha ganglion ya Gasser, dzina la mphunzitsi wa za thupi la munthu wa ku Vienna wa zaka za m'ma 1700. Mwa munthu muli manyuroni apakati pa 20,000 ndi 35,000 mu ganglion imodzi, ndipo ndi ziwiri, kumanja ndi kumanzere. Ya mtsempha wa facial ndi kakang'ono zedi, kali mkati mwa fupa la khutu, dzina lake geniculate.

Zinthu ziwiri za malo amenewa zithandiza kumvetsa mayankho akutsogolo. Manyuroni a mu ganglion salumikizana okhaokha monga amachitira a mu ubongo. Iliyonse imayenera kunyamula uthenga wake wokha. Komanso ganglion ilibe mpanda wothina umene umatchinga zinthu za m'magazi kuti zisalowe mu ubongo, moti mankhwala, poizoni ndi asilikali a m'thupi amafikamo mosavuta.

Maselo othandizirawo ndi otani?

Nyuroni iliyonse ya mu ganglion ndi yokutidwa ndi timaselo topyapyala tingapo, togwirana m'mbali, monga makoko amakutira chimanga chachiwisi. Dzina lake lachingerezi ndi satellite glial cells, chifukwa amazungulira nyuroni. Mawu oti glia anachokera ku Chigiriki, tanthauzo lake ndi guluu. Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany, ndiye anafalitsa ganizoli mu 1856, poganiza kuti zinthu zimenezi zimangomata mitsempha pamodzi. Dzinalo linakhala, koma ganizolo linali loperewera kwambiri.

Mpata wa pakati pa nyuroni ndi chofunda chakechi ndi pafupifupi ma nanomita 20. Tsitsi limodzi la m'mutu ndi lonenepa kuposa mpata umenewo kuwirikiza ka 3,000 kapena kupitirira. Pamalo othina chonchi, kanthu kakang'ono kalikonse kamene nyuroni yatulutsa kamafika pa selo lothandizira nthawi yomweyo, ndipo kalikonse kochokera kunja kayenera kudutsa pa ilo kasanafike ku nyuroni. Ennio Pannese wa ku Milan anathera zaka zambiri akufotokoza kapangidwe kameneka pogwiritsa ntchito maikulosikopu amphamvu.

Musawasokoneze ndi maselo a Schwann. Awo amakuta kaulusi m'njira monse, pamene awa amakuta thupi la nyuroni basi.

Zinthu zikakhala bwinobwino amagwira ntchito yanji?

Amasesa pakhomo. Nthawi iliyonse nyuroni ikatumiza uthenga imatulutsa mchere wa potaziyamu, ndipo ukachuluka panja nyuroniyo imakhala yosachedwa kuthetheka. Maselo othandizira ali ndi tizipata totchedwa Kir4.1 tomwe timameza potaziyamuyo. Amatolanso glutamate, chinthu china chodzutsa manyuroni, n'kuchisandutsa glutamine yemwe ndi wofatsa. Amadyetsa nyuroni, amaitchinjiriza, ndipo amailekanitsa ndi nyuroni yoyandikana nayo kuti uthenga wa dzino usasakanikirane ndi wa tsaya.

Mtsempha wa kunkhope umavulala bwanji?

Njira yodziwika kwambiri ndi ya mano. Nthambi yopita ku mlomo wam'munsi imadutsa m'kangalande mkati mwa fupa la nsagwada, pafupi kwambiri ndi mizu ya dzino lakumapeto, ndipo ya lilime imadutsa chapafupi pomwepo. Pozula dzino lovuta, mtsempha ukhoza kupanikizika, kukokeka kapena kuduka, ngakhale wozulayo atachita mosamala. Nthawi zina jekeseni wochititsa dzanzi yemwe ndiye amaukhudza.

Ina ndi kuthyoka kwa mafupa a kunkhope. Amene anaonapo wokwera njinga yamoto ya kabaza atagwa opanda chipewa amadziwa mmene tsaya ndi nsagwada zimaphwanyikira. Fupa la pansi pa diso likathyoka, nthambi yotulukira pamenepo imavulala, munthu n'kumamva tsaya ndi mlomo wapamwamba ngati si zake. Zibakera, opaleshoni, zotupa, khate ndi mashingozi zimavulazanso mitsempha imeneyi.

Bala lili kunsagwada, ganglion ili mkati mwa chigaza. Maselowo amadziwa bwanji kuti kwachitika ngozi?

Amamva kwa nyuroni yomwe akuikuta. Kaulusi kakaduka, kamayamba katumiza chimkokomo cha mauthenga osalongosoka, ndipo amafika ku thupi la nyuroni nthawi yomweyo. Kenako, m'maola ndi masiku otsatira, zinthu zomwe zimayenda pang'onopang'ono mkati mwa kaulusiko kuchokera kukhungu zimasiya kufika, m'malo mwake mumabwera zizindikiro za pabala. Nyuroni imazindikira kuti yaduka mwendo, n'kusiya zina zonse kuti iyambe kukonzekera kumeranso.

Ili m'kati mochita zimenezo, imatulutsira zinthu mu kampata kaja. Chimodzi ndi ATP, yomwe mkati mwa selo ndi mafuta oyendetsera ntchito koma ikatuluka panja imakhala mfuu. China ndi mpweya wa nitric oxide. Palinso timapuloteni monga CGRP ndi substance P. Maselo othandizira ali ndi tozilandirira tambiri, ndipo akazilandira, kashiamu amakwera mkati mwawo. Apo ndiye kuti adzuka. Iwo eni sanavulale, bala silinawakhudze n'komwe, koma khalidwe lawo limasintha.

Akadzuka amasintha chiyani?

Chimene ofufuza amayamba kuona ndi puloteni yotchedwa GFAP. Mu ganglion yabwinobwino ya khoswe wa mu labotale imaoneka pang'ono, koma mtsempha ukavulala, akapaka utoto woionetsa, manyuroni ambiri amaoneka atazunguliridwa ndi mikombero yowala ngati zibangili. Ku Seattle, gulu la Margaret Byers linaonetsa mu 1995 kuti ngakhale kuvulaza dzino lokha la khoswe kumabweretsa mikombero imeneyi. GFAP ndi chizindikiro chabe choti selo ladzuka, monga utsi umasonyezera moto. Zokhudza ululu ndi zina.

Maselowo amayamba kugwirana manja kudutsa malire. Pakati pa maselo oyandikana pamakhala timilatho totchedwa gap junction, tomangidwa ndi mapuloteni monga connexin 43, momwe mchere ndi tinthu tating'ono timadutsa kuchoka m'selo lina kulowa m'linzake. Nthawi zonse timilathoti timalumikiza makamaka maselo okuta nyuroni imodzi. Mtsempha ukavulala, maselo amatulutsa timanja, n'kumanga milatho yatsopano ndi maselo okuta manyuroni ena. Menachem Hanani ndi anzake ku Jerusalem anaona zimenezi pobaya utoto m'selo limodzi ndi kuwerenga maselo amene utotowo wafikako. Mu 2004 anasonyeza kuti nthambi ya pansi pa diso ikadulidwa mwa mbewa za mu labotale, utoto umafalikira ku maselo ochuluka kuposa kale.

Kusesa kuja kumachepa. Tizipata ta Kir4.1 timatsika, potaziyamu n'kumatsalira mozungulira nyuroni. Kafukufuku amene ine ndimamuona kuti ndi wamphamvu kwambiri pa nkhani yonseyi anachitika ku San Francisco mu 2008. Gulu la Luc Jasmin ndi Peter Ohara linatseka Kir4.1 m'maselo othandizira a ganglion ya makoswe omwe mitsempha yawo inali yabwinobwino, yosakhudzidwa ndi mpeni. Makoswewo anayamba kuonetsa zizindikiro za ululu wa kunkhope. Bala panalibe, chomwe chinasokonezedwa ndi chofunda chokha cha nyuroni.

Ndiye amayambanso kuyankha. Amatulutsa zinthu zoyambitsa kutupa monga interleukin-1 beta ndi TNF, amatulutsa ATP yawoyawo, komanso amakhala tcheru mopitirira muyeso moti ATP yochepa, yomwe kale sakanailabadira, imawadzutsa. Zinthuzi zimabwerera ku nyuroni n'kuichititsa kuthetheka msanga, nyuroniyo imatulutsanso zambiri, maselo othandizira n'kuyankhanso. Moto ndi mphepo. Asilikali a m'thupi otchedwa macrophage nawo amachuluka mu ganglion n'kulowerera pakati pa manyuroni, ndipo pali umboni woti ena mwa maselo othandizira amagawikana n'kuchuluka.

Malo achita dzanzi, nanga akuwawa bwanji?

Funso limeneli odwala amalifunsa mwamanyazi, poopa kuti aoneka ngati akudzitsutsa. Sakudzitsutsa ayi. Dzanzi likutanthauza kuti uthenga wochokera kukhungu sukudutsa pamalo oduka. Ululu ukuchokera kumtunda kwa malowo: kunsonga yoduka ya kaulusi, ndiponso mu ganglion momwe manyuroni akuthetheka okha chifukwa cha zomwe zafotokozedwa m'yankho lapitali. Ubongo sudziwa kuti uthenga wayambira pakati pa njira. Ukalandira uthenga kudzera mu nyuroni ya mlomo, umati ndi mlomo.

N'chifukwa chiyani ululu umafalikira kumalo omwe sanavulale?

Apa ndi pamene maselo othandizira amafotokoza chinthu chomwe chinkazunguza madokotala. Munthu wavulala nthambi ya kunsagwada, koma pakapita masabata akudandaula tsaya, lomwe lili ndi nthambi yakeyake. Mayi wina amafika atakulunga nkhope ndi chitenje chifukwa kamphepo ka chiperoni kakamupita patsaya amamva ngati walasidwa ndi singano zambiri. Bambo wina amabwera atameta ndevu mbali imodzi yokha, chifukwa mbali inayo lezala silingayandikire. Ukayang'ana khungulo, lilibe chilema.

Kunja nthambi zitatu zija zimayenda motalikirana, koma mu ganglion matupi a manyuroni ake ndi oyandikana nyumba. Milatho yatsopano ija ikamangidwa, kashiamu akakwera m'maselo okuta nyuroni yovulala, funde lake limayenda kuchoka pa selo kupita pa linzake, ATP ikulithandiza, mpaka kufika pa maselo okuta nyuroni yomwe ilibe vuto. Nyuroni yabwinoyo imayamba kukhala m'madzi omwewo odzutsa, ndipo kukhudza pang'ono kumene kale kunali kukhudza chabe kumafika ku ubongo ngati kuwawa.

Gulu la Koichi Iwata ku Nihon University mumzinda wa Tokyo lakhala likufufuza zimenezi kwa zaka zambiri. Akadula mtsempha wa m'nsagwada ya khoswe, khungu la pamlomo wapamwamba pomwe pamamera ndevu zake limayamba kumva kuwawa likakhudzidwa, ngakhale nthambi yake sinakhudzidwe. Mu ganglion amapeza maselo othandizira odzuka atazungulira manyuroni a pandevupo, ndipo akabayamo mankhwala otseka milatho ya connexin 43, kuwawako kumachepa.

Si ganglion yokha imene imachita zimenezi. Mu tsinde la ubongo, momwe uthenga wa trigeminal umakafikira, mulinso maselo ena othandizira, microglia ndi astrocyte, omwe nawonso amadzuka n'kukulitsa uthenga. Ululu wokhalitsa umamangidwa pa malo onse atatu: pabala, mu ganglion ndi mu tsinde la ubongo.

Ndiye kuti maselo amenewa ndi adani athu?

Ayi, ndipo amene angaganize zongowatseka pakamwa onse akhoza kuononga zambiri. Gulu lomwe lija la ku San Francisco litachepetsa connexin 43 mwa makoswe ovulala mtsempha, ululu unatsika. Litachita chimodzimodzi mwa makoswe abwinobwino, ululu unayamba. Milatho yomweyo imene imafalitsa moto ndi imenenso imathandiza kumwaza potaziyamu wochuluka kuti asaunjikane malo amodzi.

Amathandizanso kumera kwa mtsempha. Mu 2020 gulu la Valeria Cavalli ku Washington University mumzinda wa St. Louis linaonetsa kuti mtsempha ukavulala, maselo othandizira amayamba kupanga mafuta ambiri a mtundu wina, ndipo atawaletsa kupanga mafutawo, ulusi wa manyuroni unamera mochedwa. Kafukufukuyo anachitika pa ma ganglion a m'mbali mwa msana, koma maselo ake ndi a mtundu womwewu. Mmene ndimaonera, kudzuka kwawo ndi koyenera, ndi chithandizo choyamba cha nyuroni yovulala. Vuto limabwera pamene sakubwereranso kukagona.

Zonsezi anaziona mwa anthu kapena mwa makoswe?

Zochuluka ndi za makoswe ndi mbewa za mu labotale. Ganglion ya munthu wamoyo ili mkati mwa chigaza, ndipo palibe amene angaitsegule kuti angoona maselo ake. Za anthu zimachokera ku matupi a omwalira omwe anaperekedwa ku kafukufuku, ndipo zimaonetsa kuti maselo athu ali ndi zida zambiri zofanana ndi za makoswe. Koma kufanana kwa zida sikutsimikizira kuti mankhwala ogwira ntchito mwa khoswe adzagwiranso mwa munthu, ndipo pa nkhani ya ululu mankhwala ambiri agwa pa mpata umenewu.

Ena amafunsa kuti khoswe amanena bwanji kuti akumva kuwawa. Njira yotchuka inakhazikitsidwa mu 1994 ndi Bart Vos ndi anzake: amamanga nthambi ya pansi pa diso ndi ulusi mosathinitsa, kenako amaonerera. Khosweyo amayamba kupukuta nkhope mbali yovulalayo pafupipafupi ndi dzanja lake. Akamukhudza pandevu ndi kaulusi kolimba pang'ono kotchedwa von Frey, komwe kale sankakalabadira, amabweza mutu, kuthawa, kapena kukaluma.

Nanga nkhope yopotoka, yomwe madokotala amati Bell's palsy?

Imeneyo ndi ya mtsempha wachisanu ndi chiwiri. Munthu amadzuka m'mawa mbali imodzi ya nkhope itagwa, diso silikutsinzina, madzi akumwa akudontha pakona pa mlomo. Dzinalo ndi la Charles Bell, dokotala wa ku Scotland yemwe anafotokoza ntchito ya mtsemphawu mu 1821. Mtsempha umatupa mkati mwa kangalande kothina ka fupa, cha pafupi ndi ganglion ya geniculate, n'kudzipanikiza wokha.

Mu geniculate mulinso maselo othandizira okuta manyuroni a kukoma ndi a khungu la khutu, n'chifukwa chake ena amadandaula kuti chakudya chasintha kakomedwe kapena kuseri kwa khutu kukuwawa. Koma matupi a manyuroni oyendetsa minofu sali mu ganglion. Ali mu tsinde la ubongo, ndipo kumeneko oyankha ndi microglia ndi astrocyte. Mu 1968 Georg Kreutzberg ndi mnzake Blinzinger ku Munich anaona kuti mtsempha wa facial ukadulidwa, microglia amaunjirira nyuroni yovulala n'kuchotsa zolumikizira zomwe zinali pathupi pake, ngati kuichotsa pantchito kuti ichire.

Anthu ambiri a Bell's palsy amachira. Mankhwala a prednisolone amathandiza akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo diso losatsinzinalo liyenera kutetezedwa kuti lisaume. Nkhope ikagwa limodzi ndi kufooka kwa dzanja, mwendo kapena kulephera kulankhula, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo ndi yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Mashingozi akukhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

Kachilombo koyambitsa katsabola sikachoka m'thupi munthu akachira. Kamakabisala m'manyuroni a mu ganglion, kuphatikizapo ya trigeminal ndi ya geniculate, kwa zaka makumi. Chitetezo chikatsika chifukwa cha ukalamba, HIV, khansa kapena mankhwala ena, kamadzuka n'kutsika ndi mtsempha kukatulutsa matuza pakhungu, mbali imodzi yokha, kulekeza pakati penipeni pa mphumi ngati wina wajambula mzere.

Apa ngozi imayambira mu ganglion momwemo. Ofufuza a ku Stanford, m'gulu la Ann Arvin, anaonetsa kuti kachilomboka kamalowa m'maselo othandizira n'kuwachititsa kumatana ndi manyuroni, zomwe zimakathandiza kufalikira kuchoka pa nyuroni ina kupita pa ina. Kuonongeka kumeneko ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ululu umatsalira matuza atauma kalekale. Mashingozi a pamphumi, makamaka matuza akafika pansonga ya mphuno, amaopseza diso. A mu geniculate amatulutsa matuza m'khutu limodzi ndi nkhope yogwa, matenda omwe James Ramsay Hunt anawafotokoza mu 1907. Mankhwala a acyclovir, olimbana ndi kachilomboka, amagwira bwino akayambidwa m'masiku atatu oyamba.

Kodi trigeminal neuralgia ndi matenda omwewa?

Ndi apachibale koma si amodzi. Neuralgia imabwera ngati nyesi ya magetsi, masekondi angapo kapena mphindi imodzi kapena ziwiri, ikayambitsidwa ndi kutsuka mano, kutafuna kapena kusukusula, kenako n'kusiya. Kawirikawiri chimayambitsa ndi mtsempha wa magazi womwe ukugunda pa muzu wa trigeminal, pakati pa ganglion ndi ubongo. Ululu wobwera pambuyo povulala umakonda kukhala wootcha, wosalekeza, wophatikizana ndi dzanzi. Zomwe zafotokozedwa pano za maselo othandizira zinapezeka makamaka pa mtundu wachiwiriwu.

Bwanji panado ndi bufeni sizikundithandiza? Alipo mankhwala olunjika pa maselo amenewa?

Panado ndi bufeni amathandiza pa ululu wa bala ndi kutupa kwa minofu. Ululu wa mtsempha wothetheka wokha umafuna mankhwala oukhazika pansi: amitriptyline, gabapentin kapena pregabalin, ndipo pa neuralgia woyamba ndi carbamazepine. Amayambidwa pang'ono n'kumakwezedwa, ndipo amatenga masabata kuti aoneke mphamvu. Ambiri amawasiya tsiku lachitatu chifukwa cha tulo ndi chizungulire, n'kunena kuti sagwira ntchito, chonsecho anali asanayambe n'komwe.

Pa carbamazepine ndikuchenjezeni mwapadera. Amachepetsa mphamvu ya mankhwala ena, kuphatikizapo ma ARV okhala ndi dolutegravir komanso mapiritsi ndi timachubu tapamkono tolerera, choncho dokotala ayenera kudziwa zonse zomwe mukumwa. Zidzolo zikatuluka, kapena m'kamwa mukatuluka zilonda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala ovomerezeka olunjika pa maselo othandizira a mu ganglion pakadali pano palibe. Mu labotale ayesa carbenoxolone, yemwe amatseka timilatho tija, komanso mankhwala otseka tolandirira ATP, ndipo mwa makoswe ululu umatsika. Chovuta n'choti connexin 43 yemweyo ndi amene amalumikiza maselo a mtima kuti uzigunda mogwirizana, ndiye kumutseka thupi lonse n'koopsa. Chomwe chimapatsa chiyembekezo ndi kusowa kwa mpanda kuja komwe kwatchulidwa pa funso la ganglion: mankhwala akhoza kufika mu ganglion osalowa mu ubongo, motero osabweretsa tulo. Pa mutu waching'alang'ala, mankhwala otseka CGRP anayamba kuvomerezedwa mu 2018, ndipo amodzi mwa malo omwe akuganiziridwa kuti amagwirako ntchito ndi ganglion ya trigeminal yomweyi.

Mtsempha udzachira liti? Ndidikire mpaka liti?

Mbali ya kaulusi yomwe yalekana ndi thupi la nyuroni imafota n'kuchotsedwa, zomwe Augustus Waller anaziona mwa achule mu 1850. Kenako nsonga yotsalayo imamera, pafupifupi milimita imodzi patsiku, ikutsatira njira yomwe maselo a Schwann aikonzera. Mtsempha womwe unangopanikizika umachira m'masabata angapo kapena miyezi yochepa, ndipo ambiri ovulala pozula dzino ali m'gulu limeneli. Kunyerenyetsa ngati nyerere zikuyenda ndi kuchepa kwa dera la dzanzi ndi zizindikiro zabwino.

Jambulani malire a dzanzilo ndi cholembera pakhungu, mutole chithunzi pafoni, mubwereze pakatha milungu iwiri iliyonse. Dokotala zimamuthandiza kuposa kungomuuza kuti zilipobe. Ngati pofika miyezi 3 palibe kusintha, kapena ululu ukukulirakulira, pemphani kutumizidwa kwa katswiri wa opaleshoni ya nsagwada ndi nkhope, chifukwa kusoka mtsempha woduka kumayenda bwino kukachitika msanga. Pakadali apo samalani ndi tiyi wotentha ndi nsima yongophula, popeza mlomo wadzanzi umapsa ndi kulumidwa mwini wake osadziwa.

Kodi kuzula dzino loyandikana nalo, kapena kudula mtsempha wonse, kungathetse ululuwu?

Pa mafunso onse, ili ndi limene ndimafuna wodwala aliyense alimve asanakhale pampando wa dokotala wa mano. Ululu ukamamveka ngati uli m'dzino, n'zachibadwa kupempha kuti lichoke. Ndaonapo munthu atatsala ndi usinini wokhawokha mbali imodzi, mano anayi abwinobwino atapita limodzilimodzi, ululu uli pomwepo. Ngati dokotala wapima, wajambula, n'kupeza kuti dzinolo lilibe vuto, kulizula sikufika komwe kuli gwero. Muzu wa dzino lililonse uli ndi timitsempha take, choncho kuzula ndi kuvulazanso nthambi yomwe ija. Ofufuza a ku Japan anaonetsa mu 2009 kuti kuzula mano am'mwamba a khoswe kumadzutsa maselo othandizira mu ganglion, osati ozungulira manyuroni a manowo okha, komanso ozungulira manyuroni ena omwe sanavulale.

Kudula kapena kuotcha mtsempha kuli ndi malo ake pa neuralgia yomwe yakana mankhwala, ndipo kumachitidwa ndi akatswiri atapima bwino. Pa ululu wobwera chifukwa chovulala, kuononga mtsempha kukhoza kusiya munthu ndi nkhope yadzanzi kotheratu koma yootcha usana ndi usiku, vuto lotchedwa anaesthesia dolorosa, lomwe ndi lovuta kwambiri kuchiza. Musanavomere kuzulitsa dzino lina, funsani kuti pachithunzi paoneka chiyani, ndipo muwafotokozere ululuwo mmene ulili: ngati ukuotcha, ngati ukubwera ngati nyesi, ngati khungu lili ndi dzanzi, ndiponso tsiku limene unayamba.